Denga la ku Area 49: lipoti la zomwe zinabisika pamwamba pa siling'i

Lipoti ili likukhudza nyumba ya zipinda zogona zinayi ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe, yomwe inakhomedwa malata mu September 2023 n'kuyamba kudontha mvula itangokhazikika mu December chaka chomwecho. Ine ndine woyang'anira ntchito zomanga, ndipo luso lomwe ndinayambira ndi ukalipentala. Eni nyumba anandiitana kuti ndione chavuta n'chiyani, ndiwerengere zofunika pokonza, ndiponso ndiwathandize kupeza mmisiri wina. Avomera kuti nkhaniyi ilembedwe, koma maina awo ngakhale la mmisiri woyambayo sinditchula.

Momwe ntchito inaperekedwera

Bambo wa pakhomopo amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndalama zomangira amatumiza pang'onopang'ono. Woyendetsa zonse kuno ndi mayi, omwe nawonso ali pa ntchito yolowa m'mawa kuweruka madzulo, moti pamalo omangapo ankafikapo Loweruka lokha. Zipupa zitafika pa ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa zipupa, anayamba kufunafuna wokhoma denga. Pulani yake inali ya masiku ano: kutsogolo denga lobisika kuseri kwa kachipupa, lija ambiri akulikonda m'maploti atsopano, kumbuyo denga looneka la mbali zinayi.

Anthu atatu anapereka makoteshoni. Awiri analemba ndalama ya lebala yokha, n'kupereka mndandanda wa zipangizo kuti eni ake akagule okha. Wachitatu mayi anamupeza pa Facebook. Iyeyu ankadzitcha kontilakitala, ndipo anati safuna kuti mayi azivutika n'kuyendayenda ku Malangalanga ndi ku Mchesi: angomupatsa ndalama, agula zonse, akhoma, pakatha masabata awiri nyumba yafunda. Mtengo wake wonse unali wotsika kuposa womwe unkatuluka mukaphatikiza lebala ndi zipangizo za enawo. Anatumiza zithunzi za madenga okongola, anaonetsanso pepala la kalembera wa bizinesi. Pomaliza anawakumbutsa kuti chizimalupsa chayandikira ndipo mitengo ya malata sichedwa kukwera.

Mayi analipira magawo atatu mwa anayi a ndalamazo ntchito isanayambe, zina kudzera ku banki, zina pa Airtel Money. Gawo lotsala analipira tsiku lomwe lata lomaliza linakhomedwa, mvula isanagwe n'kamodzi komwe. Mgwirizano wolemba panalibe. Chomwe chinalipo ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi koteshoni ya tsamba limodzi yonena kuti denga lonse lidzakhala la malata a mtundu wa IBR, a geji 28 (geji ndi muyezo wa kuchindikala kwa lata), pa matabwa othira mankhwala. Mu October kunabwera munthu wina kudzaika siling'i, ndipo zonse zam'mwamba zinatsekeka.

Zomwe ndinapeza

Madzi ankatsikira malo atatu: pabalaza pafupi ndi chipupa chakutsogolo, m'kholido, ndi m'chipinda chachikulu chogona. Siling'i ya pabalaza inali itafufuma n'kuyamba kugwa. Mayi ankaganiza kuti pali misomali ingapo yomwe inaboola molakwika, ndipo anandifunsa kuti, "Bambo, kodi sitingangomata ndi phula kuti tidutse dzinja lino?" Ndinawayankha kuti ndiyambe ndalowa m'denga, chifukwa pomwe madzi atulukira pa siling'i nthawi zambiri si pomwe alowera. Amayenda ndi thabwa mamita angapo asanagwe.

Ndiyambe ndi matabwa. Matrasi, mafelemu a matabwa onyamula denga, anapangidwa ndi matabwa a 2 by 4 malo omwe kutalika kwa balaza kunkafuna 2 by 6, ndipo anatalikirana pafupifupi mamita awiri. Pa denga la malata opyapyala ine sindilola matrasi a matabwa kupitirira mita imodzi ndi theka. Ma purlin, matabwa opingasa pa matrasi omwe malata amakhomedwapo, anali a 2 by 2, ena olumikizidwa pakati pa matrasi, pamalo opanda chowachirikiza. Matabwawo ndi a paini, ndipo anakhomedwa ali aawisi. Paini wauwisi akamauma m'kutentha kwa October pansi pa malata amapindika, amakoka misomali, ndipo lata lomwe linagona bwino tsiku lokhoma limayamba kutukuka m'mbali. Mankhwala a chiswe anapakidwa mbali yoyang'ana pansi yokha, ija munthu amaiona akaima pansi n'kukweza maso. Pamwamba ndi m'malo odula munali moyera mbee. Atandipatsa zithunzi zomwe mmisiriyo ankatumiza ku Johannesburg ndinaona kuti zonse anajambula ataima pansi.

Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri si kudonthako. Wall plate, thabwa lomwe limagona pamwamba pa chipupa n'kunyamula matrasi, silinamangiriridwe ku ring beam. Omanga zipupa anasiya mawaya otuluka mu konkire monga momwe ziyenera kukhalira, koma mawayawo anangopindidwira pambali, ena anadulidwa. Denga lonse linkangokhala ndi kulemera kwake komanso timisomali tokhomera mu matope a simenti. Aliyense wokhala mu Lilongwe amadziwa mphepo yamkuntho yomwe imatsogolera mvula zoyamba, ija imasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi chaka ndi chaka. Mphepo yotere simakankha denga, imaliyamwa kuchokera pamwamba, makamaka m'makona ndi m'mphepete. Kumanga mawaya aja ndi ntchito ya theka la tsiku. Mmisiri amene waidumpha ndiye kuti sasamala za anthu odzagona pansi pake.

Malata. Pa geji pamasokoneza ambiri, chifukwa nambala ikamakwera lata limapyapyala: geji 28 ndi lochindikala kuposa geji 30, ndipo 30 ndi lochindikala kuposa 32. Ndinapima malata a padengapo ndi micrometer, kachipangizo kopimira kuchindikala, n'kuyerekeza ndi chidutswa cha geji 28 chomwe ndimayenda nacho. Anali opyapyala moonekeratu, ndipo ukaponda pakati pa ma purlin lata linkabonyoka ngati chitini cha mafuta ophikira. Kunsi kwa malatawo kunalibe chidindo chilichonse cha kampani yopanga kapena kuchindikala kwake. Lisiti lomwe mmisiriyo anapereka linali lolemba pamanja, la m'kabuku kaja kogula pa sitolo ya zolembera, lopanda dzina la hadiweya. Sitolo yaikulu yogulitsa malata ochuluka chonchi imapereka lisiti la makina la MRA. Nditawerenga malata omwe ali padenga n'kuyerekeza ndi a pa lisitilo, a pa lisiti anali ambiri. Woyandikana nawo nyumba anauza mayi pambuyo pake kuti ankaona kagalimoto kakutenga malata ndi matabwa madzulo, koma ankayesa kuti ndi dongosolo la eni ake.

Kakhomedwe kake nakonso kanali ndi zolakwika zomwe wophunzira wa chaka choyamba amadzudzulidwa nazo. Misomali yambiri inakhomedwa m'ngalande za lata, momwe madzi amayenda, m'malo mokhoma pamsana. Ina inalibe timphira totseka bowo. Ina inaphonya thabwa, mmisiri n'kungoizula, bowo n'kulisiya. Malata anadulidwa ndi girayinda ali padenga pomwepo, ndipo tizitsulo totentha tinagwera pa penti. Pofika January madontho a dzimbiri anali ataoneka kale pa denga la miyezi inayi.

Koma gwero la madzi ambiri linali kutsogolo, ku denga lobisika lija. Pano ndichedwepo, chifukwa madenga amtunduwu achuluka ku Area 49, Area 25, Area 36 ndi kumaploti a ku Airwing, ndipo ambiri mwa omwe ndimaitanidwa kukaona ndi amenewa. Denga looneka limataya madzi panja lokha. Mmisiri akhoza kulakwitsa zingapo, madzi n'kumatsikabe. Denga lobisika limasonkhanitsa madzi onse mu gutter, ngalande ya lata yomwe ili mkati mwa zipupa, pamwamba penipeni pa zipinda. Gutter imeneyo ikadzadza, madzi alibe kwina kopita koma m'nyumba. Apa gutter inapindidwa kuchokera ku lata lafulati lopyapyala, yosaya, yolumikizidwa malo awiri ndi silikoni basi, ndipo inagona osapendekeka, moti madzi ankaima ngakhale patapita masiku mvula italeka. Potulukira panali pamodzi, paipi ya mamilimita 50, pamene denga la kukula kumeneku limafuna mapaipi a mamilimita 110 oposa imodzi. Bowo lotayira madzi panja gutter ikasefukira panalibe. Masamba ochepa ndi jumbo imodzi zinali zokwanira kutseka zonse.

Kupendekeka kwa malata kumeneko kunali kochepa kwambiri, chifukwa mmisiri ankafuna kuti denga lisasuzumire pamwamba pa kachipupa. Opanga IBR salangiza kutsika pansi pa madigiri 5, ndipo pa denga logona chonchi lata limayenera kukhala lathunthu kuchokera pamwamba mpaka pansi. Iye analumikiza zidutswa, kuphatikiza pang'ono chabe, ndiye mvula ya mphepo inkabweza madzi kulowa polumikizirapo. Pomwe malata akumana ndi kachipupa sanaike flashing, lata lopinda lotseka mpata kuti madzi asalowe, anangomata simenti. Lata limafutukuka dzuwa likatentha n'kubwerera usiku, simenti simatero, choncho inang'ambika mvula isanabwere n'komwe.

Kukumana ndi mmisiri woyamba

Poyamba ankayankha foni n'kumalonjeza kuti abwera mawa. Kenaka anati ali ku maliro ku Dowa. Kenaka nambala ya mayi inaleka kulowa. Anapezeka kudzera mwa mnyamata wina yemwe anagwira naye ganyu padengapo, amenenso ankadandaula kuti sanamulipire yonse. Mnyamatayo ndi amene anatiuza kuti bwana wakeyo sakwera padenga kawirikawiri: amapeza ntchito, amatola anyamata, iye n'kupita kukasaka ina. Zithunzi zina za pa Facebook zija zinali za nyumba zomwe sanakhomepo msomali ngakhale umodzi.

Tinakhala pansi pamaso pa a block leader. Ndinamuonetsa zithunzi za m'denga ndi chidutswa cha lata, n'kumufunsa kuti, "Achimwene, pa koteshoni munalemba geji 28. Ili ndi geji chani?" Anati ku hadiweya ndi komwe anamupusitsa. Nditamupempha kuti atitengere ku hadiweyako, anati mwini wake anasamuka. Za mawaya a ring beam anati omanga zipupa ndi amene anawaika molakwika. Pa zonse anali ndi yankho, ndipo palibe yankho lomwe linali ndi dzina la munthu woti tikamufunse.

Pepala lomwe anaonetsa mayi poyamba lija linali la kalembera wa dzina la bizinesi. Pepala lotere limangotanthauza kuti dzinalo linalembedwa m'kaundula wa boma. Silinena kanthu za luso la munthu. Panthawiyo makontilakitala ankalembetsa ku NCIC, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti liziyang'anira ntchito zomanga m'dziko muno, ndipo munthu wodzitcha kontilakitala ankayenera kukhala ndi chiphaso chake chomwe sichinathe ntchito. Iyeyu analibe. Komabe ndisanamize anthu: amisiri ambiri abwino omwe akukhoma nyumba za anthu wamba mu Lilongwe si makampani, ndi akalipentala oyima paokha. Ena ali ndi mapepala a trade test kapena a TEVETA, anaphunzira ku Lilongwe Technical College kapena ku Namitete, ena anaphunzirira pamanja pa amalume awo ndipo ntchito yawo ndi yabwino zedi. Kusowa pepala sikupanga munthu kukhala kamberembere. Chomwe chimandichenjeza ine ndi munthu woonetsa pepala lina m'malo mwa lina, akudziwa kuti womuonetsayo sasiyanitsa.

Anavomera kubweza gawo la ndalama, ndipo analemba n'kusaina pamaso pa mboni. Mayi anafunsanso ku polisi, komwe anawauza kuti mbali yaikulu ya nkhaniyi ndi ya mgwirizano wa anthu awiri, yoyenera kukasuma ku khoti la majisitireti. Apa m'pamene kusowa kwa mgwirizano wolemba kunawawa. Chomwe chinawapulumutsa ndi mawu aja akuti geji 28 pa koteshoni, mauthenga a WhatsApp omwe sanafufute, ndi umboni wa ndalama wa ku banki ndi pa foni. Akanapereka ndalama pamanja, sakanakhala ndi pogwira.

Momwe tinasankhira mmisiri wachiwiri

Mayi ankafuna kuti ndingowapatsa dzina la munthu wanga. Ndinawapatsa maina awiri, iwo anapeza lina kwa mnzawo wa kuntchito, ndipo ndinawauza kuti onse atatu tiwayese mofanana, angakhale omwe ndawatchula ine.

Aliyense tinamupempha kuti atitchulire nyumba zomwe anakhoma zomwe zadutsa madzinja awiri kapena kuposa, imodzi mwa izo ikhale ya denga lobisika. Denga latsopano lililonse limaoneka bwino. Lomwe lapyola mvula ya January kawiri ndi lomwe limanena zoona. Kumeneko mayi anapita okha, mmisiri kulibe, chifukwa Mmalawi sanganene zoipa za munthu ali pomwepo. Ndinawauza zoti akafunse: kodi anamaliza nthawi yomwe ananena, anapemphapo ndalama zoonjezera pakati pa ntchito, ndipo pomwe panadontha, anabwera atamuitana? Funso lomalizali ndi lomwe limasiyanitsa anthu. Palibe mmisiri amene denga lake silinadonthepo, ndipo amene angakuuzeni choncho mumuope. Ndinawauzanso kuti akayang'ane siling'i m'makona ngati muli mabala a madzi kapena penti yatsopano pamalo amodzi.

Kenaka aliyense anabwera kudzaona dengalo. Mmodzi anapereka mtengo ataima pabwalo, osakwera. Ameneyo tinamusiya pomwepo. Wina anakwera n'kunena kuti angomata ndi kusintha misomali, zomwe mayi anakondwera nazo poyamba chifukwa zinali zotchipa. Wachitatu, bambo wachikulire wa ku Kawale, anapempha makwerero, analowa m'denga ndi tochi ya pafoni, ndipo atatsika chinthu choyamba kunena chinali chakuti, "Mayi, denga ili silinamangidwe. Za kudontha tikambe pambuyo." Sanadziwe kuti ine ndinali nditaona kale zimenezo. Mtengo wake unali wokwera kuposa wa mnzakeyo, koma analemba chilichonse pachokha: kukula ndi kuchuluka kwa matabwa, kutalika kwa lata lililonse, makilogalamu a misomali, malita a mankhwala, kukula kwa gutter ndi mapaipi.

Tinasankha ameneyu. Mgwirizano tinalemba wa masamba awiri m'Chichewa, mboni ziwiri zinasaina, ndipo fotokope ya chiphaso chake cha unzika tinaimatako. Zipangizo anagula ndi mayi, mmisiri akuwaperekeza kukasankha. Malata anawaodetsa ku fakitale odula kale muyezo wake, ndipo atafika tinapima tisanatsitse m'galimoto. Matabwa tinasankha ouma, tinawayala pamthunzi, ndipo anapakidwa mankhwala mbali zonse zinayi akadali pansi, kenaka n'kupakanso paliponse podulidwa. Kusiyanitsa wogula ndi wokhoma n'kumene kumatseka khomo lalikulu la kuba. Mmisiri akagwira zonse ziwiri, phindu lake limakula pomwe zipangizo zikuchepa, ndipo ngakhale munthu wabwinobwino amayesedwa.

Ndalama ya lebala tinaigawa motsatira ntchito. Kagawo kochepa poyambira, kuti apeze thiransipoti ndi chakudya cha anyamata. Gawo lachiwiri matrasi ataima ndi kumangidwa ku ring beam, ine nditaona lata lisanakwere ngakhale limodzi. Gawo lachitatu malata, gutter ndi flashing zitatha, titathira madzi ndi paipi mu gutter n'kuona akutuluka onse. Gawo limodzi mwa magawo khumi linasungidwa mpaka dzinja lotsatira litadutsa, monga momwe zimakhalira pa makontilakiti akuluakulu. Mmisiriyo sanatsutse. Anangoti alembenso kuti zipangizo zikachedwa chifukwa cha eni nyumba, masiku amenewo asawerengedwe kwa iye, ndipo anali ndi mfundo, chifukwa nawonso eni nyumba amazunza amisiri. Ndaonapo akalipentala aluso akuyenda miyezi kulondola ndalama zomwe anazigwirira ntchito.

Pa magawo onsewa, lomwe sindinyengerera ndi lachiwiri. Kuyendera denga matabwa ali poyera kumatenga ola limodzi, ndipo ngakhale munthu wosadziwa ukalipentala angathe kuona ngati waya wazungulira thabwa, angathe kuyeza ndi tepi kutalikirana kwa matrasi, angathe kuyang'ana pamwamba pa thabwa ngati pali mankhwala. Amene ali kunja kwa dziko apemphe vidiyo yojambulidwa munthu atakwera, kapena alipire munthu wodziwa, wosakhala mnzake wa mmisiriyo, kuti akaone. Siling'i isaikidwe mvula yamphamvu isanagwe kamodzi kapena denga lisanayesedwe ndi madzi.

Ntchito yokonza ndi pomwe nkhani ili

M'dzinjamo tinangochita zoteteza: kumanga wall plate ndi mawaya atsopano oboolera mu ring beam, kuonjezera potulukira madzi, ndi kutseka mabowo. Ntchito yeniyeni inachitika mu May 2024 mvula italeka. Mbali yakutsogolo inasasulidwa yonse. Kachipupa kanakwezedwa mizere ingapo ya njerwa kuti denga lipeze kupendekeka, gutter inapangidwa yatsopano yakuya ndi yopendekeka, yokhala ndi mapaipi awiri a mamilimita 110 ndi bowo losefukira panja. Kumbuyo tinaonjezera matrasi pakati pa akale, tinasintha ma purlin opindika, ndipo malata akale omwe sanaonongeke tinawasiya chifukwa ndalama sizikanakwana. Mayi ndinawauza poyera kuti malata amenewo sadzakhalitsa ngati a kutsogolo, ndipo ayambe kusunga ndalama yodzasinthira.

Kukonzaku kunadya ndalama yoposa theka la zomwe analipira poyamba. China chomwe chinakweza mtengo ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, pakati penipeni pa kukhoma koyamba ndi kukonza, moti lata lililonse analigula pa mtengo wina. Siling'i ya pabalaza ndi m'kholido inasinthidwanso.

Denga lokonzedwalo linadutsa dzinja lotsatira. Panadontha malo amodzi, pa flashing ya pakona, ndipo bambo wa ku Kawale uja anabwera sabata yomweyo kudzakonza. Ndalama yake yosungidwa analandira mu April 2025. Mmisiri woyamba anabweza kagawo koyamba ka zomwe analonjeza, kenaka anasiya, ndipo tsamba lake la pa Facebook linasintha dzina. Mayi ali ndi kalata yomwe anasaina pamaso pa a block leader, koteshoni, malisiti ndi lipoti langa la zithunzi, ndipo akudikira bambo abwere ku tchuthi kuti agwirizane ngati akasume.